Funsani Amalume pa za Galimoto: Ka Mini ka 1981 kapena Golf GTI?

Makalata a mwezi uno akuchita kukhala ngati munapangana, pafupifupi onse akuzungulira pamodzimodzi, timagalimoto takale ndi zilombo za masiku ano zija zimatidzutsa usiku ndi phokoso la ekisozi. Ndasankhapo anayi. Inu amene munafunsa za laisensi ya kumudzi ngati imagwira ntchito kuno ku Joni, pirirani, ndikuyankhani mwezi wa mawa.

FUNSO: Amalume, ine ndimawotcherera mageti ndi mabagla ku Booysens, ndimakhala ku Turffontein. Pali mzungu wina wachikulire ndinamukonzera geti ku Linden, m'galaja mwake muli ka Mini ka 1981, injini 1275, akuti ndikatenge pa R70,000 poti akusamukira kwa mwana wake. Kamalira bhobho, ndinakakwerako ndipo mtima wanga unatsala momwemo. Koma mlamu wanga akuti ndapenga, akuti ndalamazo ndiike dipoziti nditenge Golf 7 GTI ya 2017 pangongole, akuti munthu ali ku Joni sangamayende pa kachidole anthu akumudzi akaona pa Facebook aseka. Galimoto ina ndilibe, zipangizo ndimachita kuhayala bakkie. Ndipange bwanji? Bambo a Chikondi, Turffontein.

YANKHO: Bambo a Chikondi, poyamba penipeni muwachotsemo kaye alamu anuwo mu nkhaniyi, tsiku lolipira banki sadzasonkhako ndipo tsiku lokankha ka Mini sadzakhalapo. A pa Facebook nawo asiyeni aseke.

Ndiyamba ndi kakang'onoko poti ndimakakonda, sindibisa. Mini inatuluka mu 1959 ku Britain, kampani yake BMC, ndipo amene anaiganiza ndi Alec Issigonis. Gwero lake linali vuto la mafuta la 1956 nthawi ya mkangano wa ku Suez, petulo anayamba kugulitsidwa mochita kuyeza, ndiye mabwana anati tipangireni kagalimoto kosamwa mafuta koma kokwanamo anthu anayi. Mkuluyu anagoneka injini chopingasa, giyabokosi n'kuiika kunsi kwa injini, mateyala okoka anawasandutsa akutsogolo, ndipo mateyala onse anayi, a mainchesi 10 okha, anawakankhira kumakona kwenikweni. Panatuluka galimoto yotalika mamita 3 ndi pang'ono koma pafupifupi 80 peresenti ya malo ake ndi a anthu ndi katundu. Mukatsegule boneti ya Golf ya alamu anuwo, mupeza injini yagona chopingasa, ikukoka ndi akutsogolo, nzeru yake ndi yomwe ija ya 1959. Kanu ka 1981 ko mwina kanapangidwa konkuno, ku Blackheath kufupi ndi Cape Town, komwe a Leyland ankapanga ma Mini mpaka 1983. Ku Britain anapitiriza mpaka October 2000 ndipo onse pamodzi anadutsa 5 miliyoni.

Tsopano manambala, poti alamu anu akudalira amenewa. GTI ya 2017 ili ndi injini ya malita 2 ya turbo, mphamvu 169 kW, imachoka pa 0 kufika 100 m'masekondi 6 ndi pang'ono, ndipo mukaisiya imakafika kufupi ndi 250 km/h. Ka 1275 mphamvu zake zimasewera m'ma 40 kW, ndiye pepala likuti GTI ndi yamphamvu kanayi. Kulemera kwake GTI ndi pafupifupi makilo 1,400, ka Mini ndi theka lake. Pa liwiro palibe mpikisano, tisanamizane.

Koma ndikufunseni, 250 imeneyo mukaithamanga kuti? Lamulo la kuno ndi 60 mu tauni, 120 pa freeway. M'mawa pa M1 kuchokera ku Booysens kulowera ku Braamfontein mukuyenda 20, kuima, 20, kuima, kumbali kwanu tekisi ikulowerera mosapempha. Pamenepo GTI ili ngati munthu wagula chigayo cha dizilo choti azigayira ufa wa phala la mwana, mukulipira makina onse koma ntchito yake ndi ya kamtondo. Ukaiponda pang'ono usanapume kawiri wadutsa kale malire, kamera yakujambula, ndiye nthawi zambiri umangoyenda ukuigwira pakamwa. Mkati mwake ndi chete, chiwongolero n'chamagetsi, magiya ikusintha yokha, pa 120 umatha kuodzera.

Ka Mini ndi nkhani ina. Ukakhala mkati matako ali pafupi ndi phula, mawondo atayandikira chiwongolero chogona chija, mphuno zikumva kafungo ka petulo ndi oyilo wotentha, giyabokosi ikulira kamluzu kake mu giya wani. M'mawa wa June umakoka choki, n'kudikira injini itenthe kaye apo bii kakuzimira pa loboti yoyamba. Ukafika 80 chilichonse chikunjenjemera, kalilole sakuonetsa bwino, ukumva ngati ukuuluka pomwe wa Uber akukudutsa akuseweretsa foni. Ukakhota pa kona kamamvera nthawi yomweyo, kamwala kalikonse kamene teyala laponda umakamva m'manja. Mphamvu zake zonse umazigwiritsa ntchito tsiku lililonse osaphwanya lamulo, ndipo kwa ine kukoma kwa galimoto kuli pamenepo. Mtima wanu sunalakwitse.

Thumba lanu ndiye tilione bwino. GTI ya pangongole siithera pa dipoziti. Banki idzafuna pemiti yogwira ndi umboni wa malipiro, ndipo ikakuvomerani mwezi ndi mwezi pali ya banki, pali inshuwalansi yonse yomwe banki imakakamiza, pali tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, poti a inshuwalansi ambiri saivomera galimoto yotere popanda imeneyo, akuba amaikonda kwambiri. Imafuna petulo wa 95. Mateyala ake ndi aja opyapyala a mainchesi 18, ndipo maenje a m'misewu ya kumwera kwa Joni mukuwadziwa nokha, dzenje limodzi la usiku kukugwa mvula limatha kudya teyala ndi limu pamodzi. Giyabokosi yake yosintha yokha ija, ya DSG, imafuna oyilo wake pa makilomita 60,000 aliwonse, ya 2017 yomwe yadutsa m'manja mwa anyamata awiri atatu mufunse ngati zimenezi zinkachitika, ndipo mufunsenso ngati sanaisewere kompyuta kuti aonjezere mphamvu, ambiri amatero kenako pogulitsa amabweza mwakale n'kukhala chete. Ikayatsa kanyale kachikasu pa dashibodi simungaiyambe ndi sipanala, mpaka aiike pa makina, ndipo kungoiika pa makina n'kolipira kale.

Ka Mini kamadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mulibe kompyuta, muli kabureta ya SU, mapointi, kondensa, mapulagi anayi, zinthu zoti munthu wa manja ngati inu mutha kuphunzira wikendi imodzi. Injini ndi giyabokosi zimagawana oyilo mmodzi, ndiye oyiloyo amatopa msanga, musamadutse makilomita 5,000 musanasinthe, ndipo muziika wokhuthala wa 20W-50. Kunsi kuli timabowo ta gilizi tofuna kupopera kawirikawiri, mukaiwala kayamba kulira ngwii ngwii. Distributor, yogawa moto ku mapulagi, ili kutsogolo kuseri kwa gililo, ndiye mvula ya masana ya ku Joni ija yobwera ndi matalala ikamenya, madzi amalowa n'kukazimitsa pakati pa msewu. Akatswiri ake amaika kachishango kotchinga madzi, inu muyendenso ndi kansalu kouma ndi sipuleyi. China, injinizi zinapangidwira petulo wa mtovu, yemwe kuno anasiya kumugulitsa mu 2006, ndiye mumufunse mdalayo ngati hedi inakonzedwa kuti izilola petulo wa masiku ano, ngati ayi muzithira mankhwala ake mu thanki.

Musanapereke ndalama, dzimbiri. Mwayi wa kuno kumtunda ndi woti mpweya ndi wouma, galimoto za ku Joni siziwola ngati za ku Durban, komabe tukulani makapeti mugogode pansi, muone kunsi kwa zitseko, mu buti pomwe pamakhala batire, ndi chitsulo chakumbuyo chonyamula mateyala. Tengani kamaginito, pomwe sikakugwira ndiye kuti anamatapo fila. Inu ndi owotcherera, apa mukundiposa ineyo. Kenako mapepala, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa, disiki ya laisensi ikhale yosatsalira zaka poti ngongole yake mudzaisenza ndinu, roadworthy, kuyeza kuti galimoto ndi yoyenera pamsewu, ichitike, ndipo ngati mulibe ID ya kuno mufunika traffic register number, nambala yomwe a za pamsewu amapereka kwa obwera, kuti kalembedwe m'dzina lanu. Musalole zolemba m'dzina la mnzanu.

Maganizo anga ndi awa. Mwanena nokha kuti galimoto ina mulibe ndipo mumahayala bakkie. Makina owotcherera, jenereta ndi geti la mamita 4 sizilowa mu Mini, sizilowanso mu GTI. Galimoto yanu yoyamba ndi bakkie, ngakhale ka Nissan 1400 kaja anakapanga ku Rosslyn mpaka 2008, kapena NP200 yomwe inalowa m'malo mwake. Ngati mtima wakaniratu, pa ziwirizi tengani ka Mini poti mukugula kashi ndipo mwezi womwe ntchito yasowa palibe adzabwera kudzakalanda, komanso kosamalidwa bwino sikagwa mtengo mmene imagwera GTI chaka ndi chaka. Koma kakhale koyendera Lamulungu, ku ntchito pitirizani mmene mukuchitiramo mpaka bakkie itapezeka.

FUNSO: Ankolo tithandizeni tatsala pang'ono kumenyana ku babashopu kuno ku Mayfair kkkk. Mdala wina wa ku Mangochi akuti kale ka Mini kankagonjetsa magalimoto akuluakulu pa mpikisano ndipo akuti ngakhale lero pa makona GTI singakapeze. Ife tikuti bodza limenelo, GTI, vrrr pha ija, ndi vrrr pha basi. Tabetcherana R200. Akulondola ndani? Mfana wa ku Ndirande, Mayfair.

YANKHO: Mphwanga, R200 yo mugawane, aliyense atenge yake, poti mdalayo walondola theka ndipo inu mwalondola theka linalo.

Za kale sakunama. John Cooper, yemwe magalimoto ake anatenga ukatswiri wa Formula One mu 1959 ndi 1960, anaona kuti kagalimoto ka Issigonis kamagwira msewu modabwitsa, ndiye anakaonjezera mphamvu n'kuika mabuleki a disiki kutsogolo. Mini Cooper inatuluka mu 1961, Cooper S mu 1963. Mu 1964 Paddy Hopkirk anapambana Monte Carlo Rally pa Cooper S ya injini ya 1071cc, kumbuyo kwake kukubwera chi Ford Falcon cha V8 chomwe injini yake inali yaikulu kuposa kanayi. Mu 1965 anapambana Timo Mäkinen, mu 1967 Rauno Aaltonen. Mu 1966 ma Mini anatenga malo atatu oyamba koma oyendetsa mpikisano anawachotsa ati chifukwa cha mababu a nyale, mpaka lero anthu a ku Britain sanaikhululuke nkhani imeneyo.

Chinkachitika n'chani? Mpikisano umenewu umachitika mu January, m'mapiri, misewu yopapatiza, makona osatha, pansi pali chipale ndi madzi oundana. Malo otere mphamvu zambiri zimangozungulitsa mateyala pachabe. Galimoto yopepuka imaima msanga, imakhota msanga, ndipo Mini poti injini yakhala pamwamba pa mateyala okoka imaluma pansi pomwe zikuluzikulu zikuterereka. Malo oti V8 ionetse ukali wake kunalibe.

Koma zimenezo ndi ma Cooper S okonzedwera mpikisano, m'manja mwa akatswiri, kulimbana ndi magalimoto a zaka za m'ma 1960. Mini yoyamba ija ya 848cc inali ndi mahatchi 34 okha ndipo kufika 100 km/h inkatenga pafupifupi theka la miniti. GTI ya lero si chi Falcon. Golf 8 GTI yomwe inafika kuno mu 2021 ili ndi 180 kW, mateyala otambalala, mabuleki akuluakulu, ndi kompyuta yomwe imagawa mphamvu pakati pa mateyala akutsogolo ukamakhota. Muziike ziwirizi pa bwalo la mpikisano la Kyalami ku Midrand kapena la Zwartkops, GTI ipambana pa mzere woongoka ndipo ipambananso pa makona ambiri, mdala wanuyo apepese. Pomwe ka Mini kangachititse manyazi mnzake ndi pa bwalo laling'ono loika ma koni othinana, poti pamenepo chofunika ndi kufupika ndi kupepuka.

Ndiye pali china chomwe anthu ochokera kunyanja ngati mdalayo amaiwala. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake kuno. Ka Mini ka 40 kW kakafika ku Joni katsala ndi 33 kapena 34. Turbo imachita kupopera mpweya mu injini mokakamiza ndiye imataya zochepa kwambiri. Nchifukwa chake galimoto yakale imene imathamanga bwino ku Durban ikabwera kuno imachita ulesi pa zitunda za ku Northcliff, ndipo kabureta yake imafuna kuitchuna mwa kuno.

Chodabwitsa n'choti GTI yoyamba ya 1976 inali pafupi ndi Mini kusiyana ndi zidzukulu zake za lero, 81 kW basi, makilo 810. Dzina linatsala lomwelo koma thupi lanenepa ndi makilo mahandiredi angapo, ambiri mwa iwo ndi a zinthu zoteteza moyo ndi zosangalatsa okwera.

Ndipo anyamata inu, ndamva kuti ena mumakayesera zimenezi pa N1 usiku. Ukadutsa malire ndi 40 pa freeway, kapena ndi 30 mu tauni, si nkhani ya tikiti, a JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, amakunjata n'kukagona m'chitokosi mpaka kukhoti, ndipo kwa ife obwera nkhani ya kukhoti imakhudzanso mapepala okhalira. Ku Zwartkops kumakhala masiku oti munthu wamba amalipira n'kuthamangitsa galimoto yake, kavaleni chipewa mukathane komweko.

FUNSO: Amalume, abambo akunyumba anagula VW Beetle ya 1974, amaikonda kuposa ineyo. Tsopano akuti agulitse Polo yathu poti Beetle ndi chitsulo chenicheni, akuti za masiku ano ndi mapepala zikangogundana zimapindika. Akufuna aziperekera ana ku sukulu pa imeneyo, kuchokera ku Rosettenville mpaka ku Alberton. Ine mtima suli m'malo. Amake Tadala.

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo muwapatse abambo awerenge okha ndime iyi.

Achimwene, Beetle ndi galimoto yabwino, sinditsutsa. Anaipanga konkuno ku Uitenhage, komwe pano akuti Kariega, kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo dziko lonse anapanga zoposa 21 miliyoni, yomaliza ku Puebla ku Mexico mu 2003. Injini ili kumbuyo, imazizira ndi mphepo, ilibe ladiyeta yoti iphulike. Isungeni.

Koma nkhani ya chitsulo chenicheni ija ndi imene yapweteketsa anthu ambiri. Galimoto ya masiku ano imapindika mwadala. Kutsogolo ndi kumbuyo anakupanga kofewa kuti pa ngozi kuzifinyika n'kumeza mphamvu ya kugundako, pomwe chipinda chokhala anthu anachipanga cholimba kwambiri. Yakale ikagunda, mphamvu yomwe chitsulo sichinameze imakathera m'thupi la munthu. Anthu amabwera n'kunena kuti taonani galimoto sinaphwanyike kwambiri, mwini wake ali ku chipatala nthiti zitathyokera pa chiwongolero. Mu Beetle kutsogolo kwanu kulibe injini, kuli thanki ya petulo ndi teyala la sipeya, pamwamba pa mawondo. Mu Mini nayo thanki ili mu buti, kuseri kwa mpando wa ana.

Ma airbag mulibe. ABS, yomwe imaletsa mateyala kumangika ukaponda buleki mwadzidzidzi, inayamba kufala kuchokera 1978 pa Mercedes zodula, Beetle ya 1974 siidziwa. Kunyowe pang'ono, wa kutsogolo aime mwadzidzidzi pa N12, iye ali ndi mabuleki a makono aima, inu mukutsetsereka kumulondola. Lamba wa mapointi atatu yemwe Nils Bohlin wa ku Volvo anabweretsa mu 1959 mwina kutsogolo alipo, koma kumbuyo kokhala anawo nthawi zambiri kulibe kalikonse, komangirira mpando wa mwana ndiye musanene. Ndipo lamulo la kuno limati mwana wosakwana zaka 3 akhale pa mpando wake womangidwa.

Muganizirenso amene mukuyenda nawo pamsewu. Mu 1974 galimoto zambiri zinali zazing'ono ndi zochedwa. Lero pambali panu pali Hilux, Fortuner, Quantum yodzaza anthu, zina zolemera matani awiri ndi kuposa, ndipo ziwiri zikagundana yopepuka ndi imene imalandira zambiri. Woyendetsa chi SUV akayang'ana pa kalilole nthawi zina denga la kagalimoto kotere saliona n'komwe.

Apa galimoto ya makono yapambana popanda kukambirana, kaya ndi GTI kaya ndi Polo yanu yomweyo. Ana apite ku sukulu pa Polo. Beetle ituluke Lamulungu m'mawa misewu ili phee, mukaonetse ana timagalimoto tinzake ku James Hall Museum of Transport pa Rosettenville Road pomwepa, ndi pafupi ndi kwanu, ndipo muikiretu malamba kumbuyo musananyamule aliyense.

FUNSO: Amalume, December ndikufuna kupita kumudzi ku Balaka pa galimoto yanga. Ndili ndi Citi Golf 1.4 ya 2006, mnzanga akuti tipite pa Golf R yake tikafika msanga. Iti ingapirire ulendowu? Che Jafali, Fordsburg.

YANKHO: Che Jafali, Citi Golf sindingaitche yakale kwenikweni poti anasiya kuipanga mu 2009, koma thupi lake ndi la Golf yoyamba ya 1974, ndiye ikulowa mu nkhani yathu.

Msewu mukuudziwa, N1 mpaka Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete kuwoloka Zambezi, Zobue, Mwanza, makilomita pafupifupi 1,700 kukafika Blantyre. Kufika msanga kwa mnzanuyo kuthera pa Musina. Pa Beitbridge mu December Golf R ndi basi zimaima mzere umodzi, ndipo kutsogoloko liwiro amakuuzani ndi apolisi, mathiraki, mbuzi ndi maenje. Golf R ndi yotsika, mateyala ake a mainchesi 19 akaphulika pakati pa Nyamapanda ndi Tete simupeza saizi yake pansi pa mtengo, imafuna petulo wabwino nthawi zonse, ndipo ikadwala za kompyuta mukhala mukusaka lole yoinyamula. Ngati ili pangongole afunikanso kalata ya banki yoloreza kutuluka nayo m'dziko, komanso afunse a inshuwalansi ngati amafika ku Mozambique ndi ku Malawi.

Citi Golf ikhoza kufika bwinobwino, makaniko aliyense wa m'njira amaidziwa ndipo mateyala ake a 13 kapena 14 amapezeka paliponse. Mdani wake ndi kutentha kwa ku Tete komwe mu December kumadutsa madigiri 40, ndiponso katundu, poti ife tikamapita kwathu timafuna kunyamula Joni yense. Musanayambe ulendo sinthani lamba wa taimingi ngati simukudziwa tsiku lomwe anasinthidwa, onani ladiyeta, mapaipi a madzi, fani ngati ikuyaka, mashoka akumbuyo ndi mabuleki. Tengani masipeya awiri, fani belt, chigubu cha madzi, matrayango awiri ndi chozimitsira moto, apolisi a m'njira amafunsa zimenezi. Mafiriji ndi masofa tumizani pa matransipota. Usiku musayende, kagalimotoka kalibe airbag ndipo nyale zake n'zofooka, gonani m'njira, ndipo pochoka ku Harare mudzuke m'mamawa kuti Tete mumudutse dzuwa lisanakwiye.

Pa Mwanza mulowa ndi chilolezo chongoyembekezera cha MRA, chili ndi masiku ake, musawadutse. Ngati m'mutu mwanu muli zoisiya kumudzi, kafunseni msonkho musananyamuke, poti kwathu galimoto ikakhala ya zaka zambiri msonkho wake umakwera, ndipo ya 2006 ili m'gulu limenelo.